Steriliser ya ku Joni ija ndi fulasiki yanga, zomwe ndaona pa miyezi 7 yopanga mkaka wa m'chitini

Ndakhala ndikulonjeza kuti ndilemba za steriliser ija, makina ophera tizilombo m'mabotolo a mwana, yomwe anandibweretsera alamu anga kuchokera ku Joni, poti amayi angapo mwakhala mukundifunsa kuti kodi ndi yofunikadi kapena nzongotayira ndalama. Mwana wanga pano ali ndi miyezi 9, chinthuchi ndachigwiritsa ntchito miyezi 7 pafupifupi tsiku lililonse, nde ndikuona kuti nditha kuyankhulako zomwe ndaona ndi maso anga osati za pa bokosi. Koma ndineneretu, nkhaniyi iyamba ndi steriliser koma ikathera pa fulasiki, chifukwa nkomwe ndinazindikira kuti ndinkalakwitsa kwambiri ndili ndi makina odula m'nyumba.

Musanayambe kundiweruza mu mtima, ndikudziwa, ine ndemwe ndinkafuna kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yonse ngati mmene amatiuzira ku sikelo, ndipo amanena zoona palibe chitini chomwe chingafanane ndi bere olo chidule bwanji. Koma tchuthi cha uchembere malamulo a ntchito kuno amapereka masabata 8 basi, ine ndimagwira ku kampani osati m'boma, nde nditabwerera ku ntchito ndinayesa zofinya mkaka kumusiyira, kufinyira mu kachipinda kosungira mafayilo, mpaka mkaka unayamba kuchepa mwana akumasana akulira tsiku lonse. Tinakambirana ndi anesi ku sikelo nkugwirizana kuti usiku ndi mmawa ndiziyamwitsa, masana azimwa wa m'chitini. Ndi mmene mabotolo analowera m'nyumba mwathu.

Steriliser yo ndi chinthu cha pulasitiki choyera, kukula kwake ngati poto wophikira nsima ya anthu 6, apongozi anga amaitchula kuti kapoto ka azungu kkkk. Pansi pake pali kachitsulo kotentha ngati ka mu ketulo ya magetsi, umathirapo madzi pang'ono ndi kakapu kake komwe kamabwera nayo, kenako kuika mabotolo mozondotsa, matiti ndi zivindikiro pa kathireyi ka pamwamba, kutseka nkudina batani. Mphindi 10 zisanakwane yazima yokha. Imene imagwira ntchito ndi nthunzi yo, ndi imene imapha tizilombo, palibe mankhwala aliwonse omwe umathira.

Vuto loyamba linali pulagi. Amene mumaitanitsa katundu wa magetsi ku South Africa mukudziwa, mapulagi akumeneko ndi a mano 3 akuluakulu obulungira pomwe masoketi athu ndi a mano aphwatalala ngati a ku UK. Abambo akunyumba anangogula kaadaputa kotchipa mu tawuni, sabata iwiri isanathe ndinamva fungo la pulasitiki yopsa, kuyang'ana adaputa yada bii mbali imodzi yayamba kusungunuka. Zinthu zotenthetsa zimakoka moto wambiri, si tchaja ya foni iyi. Tinaitana wa zamagetsi anadula pulagi ija nkuikapo yathu ya kuno yokhala ndi fyuzi, kuchokera pamenepo sinavutenso. Nde ngati mwapatsidwa ya ku Joni yambani ndi zimenezo musadikire fungo.

Ubwino wake ndinene mosabisa ulipo. Suima pamoto kudikira, umangodina nkukasamba, ukamabwera zatheka. Makala sakutha, gasi sakutha. Matiti amakhalitsa kusiyana ndi ophika mu poto, chifukwa ophika daily amafewa msanga nkuyamba kumata, bowo nkukula mwana kumatsamwa. Ndipo siungaiwale zinthu pamoto, ine ndisanaipeze ndinaphikapo matiti 3 mu poto nkugona pa mpando ndi kutopa, kudzidzimuka madzi auma matiti amatirira pansi pa poto nyumba yonse fungo la tayala. Chinanso chomwe chinandisangalatsa, abambo akunyumba omwe poto samamukhudza anayamba kudzipereka okha pa ntchito ya mabotolo, kungoti ili ndi batani basi yasanduka ntchito ya azibambo.

Koma tsopano magetsi athuwa. Chinthuchi anachipangira dziko lomwe ukadina batani umadziwa kuti moto ulipo. Kuno ukhoza kuika mabotolo bwinobwino, kudina, mphindi 3 magetsi azima, nde mabotolo aja angotenthako chabe sanaphikike, akabwera magetsi uyambirenso ndi madzi ena. Ndipo sadziwitsa kuti yamaliza yokha kapena yazimira panjira, kanyali kamangokhala kozima mofanana, nde kangapo ndinkafika kuchokera ku ntchito kumufunsa anti amene amanditsalira ndi mwana kuti kodi inamaliza, iwo nkumati kaya mayi ndinangoona yazima. Pamenepo umangobwereza basi. Tili ndi kasola ndi inveta ya magetsi ounikira ndi TV, tinayesa kulumikiza tsiku lina inveta inalira ngati yapwetekedwa nkuzima, chinthu chotenthetsa sichigwirizana ndi kainveta kakang'ono.

Chachiwiri ndi zoyera zija zimamera pa kachitsulo. Kwathu kuno madzi a pa mpope akasiya timakatunga pa mjigo, nde madzi a mjigo ali ndi mchere wake wa m'nthaka, mwezi usanathe kachitsulo kaja kanali mbuu ngati laimu, kenako kuyamba kufiira, ndipo inayamba kuzima msanga madzi asanathe. Ndinaona ngati yaonongeka. Mankhwala ake ndi viniga woyera uja wa tchipisi, kusakaniza ndi madzi, kuthira pa kachitsulo nkusiya osayatsa, zikasungunuka kutaya nkutsukuluza bwinobwino, kenako kuiyatsa kamodzi ilibe mabotolo kuti fungo lichoke. Ine ndimapanga masabata 2 aliwonse. Osapala ndi mpeni kapena steel wool mungaononge.

Za mabotolo 6 zomwe analemba pa bokosi nzoona ngati mabotolo ako ndi ang'onoang'ono oonda aja. Athu ndi a kukamwa kwakukulu, amalowa 4, wachisanu mokakamiza chivindikiro osatsekeka bwino, ndipo chikapanda kutsekeka nthunzi imathawa ntchito yonse yapita pachabe.

Koma chachikulu chomwe ndikufuna amayi anzanga mumve ndi ichi, steriliser SITSUKA. Ine ndinalakwitsa kusamufotokozera bwino anti, iwo ankaona ngati ndi makina otsukira, ankangotsukuluza botolo pa mpope nkuponya mmenemo. Loweruka lina ndili pakhomo ndinamasula titi pa kamkombero kake kaja, aaah abale, mkati mwa mizere yomangira muja munali mkaka wouma wachikasu wonunkha ngati chambiko chowola, umene wakhala ukuphikidwa ndi nthunzi masiku angati kaya. Sindinawakalipire poti olakwa ndinali ine, tinakhala pansi nkuyambira pachiyambi. Botolo akangomaliza kumwa mwana litsukidwe pompo mkaka usanaume, kumasula chilichonse pachokhapachokha, botolo, titi, kamkombero, chivindikiro, madzi otentha a sopo, bulashi ya mabotolo yaitali ija ndi kabulashi kakang'ono ka titi, titi kuitembenuza nkufinya madzi atulukire pa bowo, kutsukuluza ndi madzi oyera, KENAKO steriliser. Bulashi imeneyo ikhale ya mabotolo okha, osati siponji yomweyo yotsukira mbale za usipa. Kabeseni kakenso kapadera. Bulashi inandidya ndalama yochepa kuposa chilichonse pa nkhani iyi koma ikasowa m'nyumba mutu umandizungulira kuposa magetsi akazima.

Mabotolo amatuluka onyowa, ya ine ilibe zoumitsa. Musawapukute ndi kansalu ka ku khitchini chonde, kansalu kameneko kapukuta tebulo, mapoto ndi manja a aliyense. Kungokutumula madziwo basi. Bokosi limati ukapanda kutsegula zimakhala zoyera maola 24, koma ukangotsegula kutenga limodzi ndi bwino onse uwamange pompo ndi manja osamba, titi ndi chivindikiro chake, usiye otseka.

Masiku opanda magetsi timabwerera ku poto. Ndili ndi poto wa mabotolo yekha, madzi amize chilichonse osatsala mpweya m'botolo, kuvindikira, abwate mphindi 10 kuwerengera pomwe ayamba kubwata osati pomwe watereka. Pa mbaula zimatheka bwinobwino, ungoika alamu pa foni usachite zanga zija. Njira ina ndi mapilitsi a Milton ophera tizilombo a m'madzi ozizira, omwe ndinawakonda titapita ku maliro kumudzi ku Dedza masiku 4. Kandowa ka chivindikiro, madzi mulingo womwe alemba pa paketi poti mapaketi amasiyana werengani yanu, kuponyamo pilitsi, kumiza mabotolo otsuka kale nkutsindikiza ndi kambale kuti asayandame, madziwo umasintha pakatha maola 24. Amanunkhirako ka klorini nde apongozi anafuna kutsukuluza ndi madzi a mu mtsuko, ndinawagwira dzanja mwaulemu kuti amayi pepani mukatero tabweza zonse zomwe tachotsa, ngati kafungoko kakukuvutani titsukuluze ndi madzi owiritsa. Anangoti ana a masiku ano nkumapita.

Tsopano nkhani ya fulasiki.

Miyezi yoyamba ine ndinkapanga momwe ndimaonera aliyense akupangira. Mmawa kuwiritsa madzi, kuthira mu jagi yoyera, kuvindikira azizire, mwana akafuna mkaka kuthira madzi ozizira aja m'botolo, ufa, kukhutchumula, kutenthetsako pang'ono mu kapu ya madzi otentha basi. Ndinkadziona ngati mayi waukhondo kwambiri Lilongwe yonse, botolo la mu steriliser madzi owiritsa, chatsala nchani. Tsiku lina tikucheza pa video call ndi msuweni wanga amene ndi nesi ku UK, ndikupanga mkaka foni nditaitsamiritsa pa shuga, anangoti iwe taima kaye, madzi amenewo ndi otentha? Ndinati ndi owiritsa. Akuti sindinafunse zimenezo, ndi otentha panopa? Ndinati ayi ali zii. Anagwira mutu.

Zomwe anandiuza zinandidabwitsa ndipo ndikukhulupirira ambiri sitidziwa. Ufa wa m'chitiniwo si woyera kotheratu ngati mmene timaganizira, olo chitini chikhale chatsopano chomata ndi kachitsulo kake. Popanga ku fakitale sungaphikidwe mpaka tizilombo tonse kufa ngati mmene amachitira ndi mkaka wa madzimadzi wa m'mabokosi, nde nthawi zina mumapezeka tizilombo, tina amatitchula Cronobacter tina Salmonella, ndipo tina timalowa chitini chikatsegulidwa kudzera pa kasipuni konyowa kapena manja. Mu ufa wouma timangokhala phee osafa, ukathira madzi ofunda kapena ozizira wangotidzutsa nkutipatsa chakudya. Nchifukwa chake mabungwe a UN a WHO ndi FAO mu malangizo omwe anatulutsa mu 2007 anati madzi osungunulira ufa asatsike pa madigiri 70, ndipo ku NHS, zipatala za boma za ku UK komwe iye amagwira, amaphunzitsa zomwezo. Ndiye kuti madzi otentha aja ntchito yake nkupha za mu UFA, osati za m'madzi zokha. Ine ndinkapha za m'madzi ndi za m'botolo nkusiya za mu ufa.

Ndinatsutsa kaye, mukudziwa munthu ukagwidwa. Ndinati nanga bwanji zitini zina zimalemba kuti madzi akhale ofunda chabe, ndipo ana onse a mu line mwathu akukula bho ndi madzi a mu jagi. Anati inde matenda a Cronobacter sachitikachitika, koma akagwira mwana amalowa m'magazi ndi mu ubongo, meninjaitisi, ndipo omwe ali pa chiopsezo kwambiri ndi a miyezi 2 yoyamba, obadwa masiku asanakwane, obadwa ndi sikelo yochepa ndi omwe chitetezo chawo nchofooka. Anandikumbutsa za ku America mu 2022, fakitale ya Abbott ya ku Sturgis ku Michigan inatsekedwa, zitini kuitanidwa kuti zibwezedwe chifukwa cha nkhani ya Cronobacter yomweyi, mpaka mkaka wa ana unasowa m'mashopu dziko lonse. Ku France nako kumapeto kwa 2017 mpaka kumayambiriro kwa 2018 kampani ya Lactalis inabweza mkaka wa ana m'maiko opitirira 80 chifukwa cha Salmonella. Akuti nde iwe ukuona ngati chitini chako chomwe chayenda pa thiraki masiku kudutsa pa Mwanza kapena pa Dedza nkukakhala pa shelefu yotentha ndi chodalitsika mwapadera? Ndinangoti chabwino anesi ndamva. Anawonjezera kuti pali mikaka ina yapadera yomwe adokotala amalembera ana odwala, imeneyo utsate zomwe akuuza kuchipatala, koma wamba uwu madzi akhale otentha.

Nde mmene ndimapangira pano ndi chonchi. Kusamba m'manja ndi sopo kaye, makamaka ngati ndangosintha thewera, kupukuta pa tebulo. Madzi atsopano mu ketulo osati otsala dzulo owiritsa kawirikawiri, abwate, kenako kuwasiya pang'ono. Malangizo amati lita imodzi isapitirire mphindi 30 ili pansi, koma ine sindifika kumeneko, ndimadikira mphindi 10 mpaka 15 basi, chifukwa madzi ochepa amazizira msanga, komanso Lilongwe ili pamwamba mamita opitirira 1,000 nde madzi kuno amabwata asanafike pa 100, cha m'ma 96 kapena 97, ku Dedza kokwera kwambiri kuja ndi kuzizira kwa mu Juni ndiye usachedwe nkomwe. MADZI ndi amene amayamba kulowa m'botolo mpaka pa mzere, kuyang'ana botolo lili pa tebulo osati m'manja, ufa pambuyo. Ukayamba ndi ufa madzi amachepa mkaka nkukhala wokhathamira. Chitini chathu chimati kasipuni kamodzi pa mamililita 30, koma onani chanu, ndipo kasipuni ka chitini china musakagwiritse pa mtundu wina timasiyana kukula. Kutapa osatsindira, kusalaza pamwamba ndi kampeni koyera kouma kapena pa kamlomo ka chitini, osati kaphiri ngati tikutapa shuga wa tiyi. Kumanga titi, kuvindikira, kukhutchumula mosamala poti ndi zotentha zitha kukuthovokera, kenako kuimika botolo mu beseni ya madzi ozizira osafika pa khosi pa botolo, kumaligwedeza. Kudontheza pa mkono mkati mwa dzanja umu, ukamva kufunda chabe osawotcha ndiye wafika pomwetsa mwana.

Zonsezi masana nzophweka. Koma 2 koloko usiku, magetsi kulibe, mwana akukuwa mpaka agalu a aneba kuyankhira, masiku ena bere lokha silimukwana, uyambe kukoleza mbaula? Apa mpamene fulasiki inalowa. Ndinayamba ndi fulasiki yathu ya tiyi ya galasi mkati yomwe tinagula pa msika kalekale. Mnzanga wina wophika makeke anandibwereka themometa yake ya ku khitchini, ndinathira madzi obwata 9 koloko usiku, kuyeza pakati pa usiku anali atatsika kale pansi pa 70, ukawagwira ndi chala ndi otentha ndithu moti ukanalumbira kuti ali bho, koma ayi. Chala si muyezo abale. Komanso inkanunkha tiyi wa masamba olo uitsuke bwanji.

Ndinakagula ya chitsulo mkati ndi kunja ya lita imodzi, yolemerako, chivindikiro chopotokola. Iyi nde ndalama yanga inagwira ntchito. Chinsinsi chake umayamba waitenthetsa, kuthiramo madzi obwata pang'ono kutseka mphindi zingapo nkutaya, kenako kudzaza tho mpaka pakhosi nkutseka msanga. Ikakhala yodzaza ndinayeza kangapo, madzi othira pogona amakhala adakali pamwamba pa 70 mpaka cha kum'bandakucha. Koma ikafika theka imazizira mofulumira chifukwa cha mpweya walowa uja, nde wotsala wa mmawa sindipangira mkaka ndimatsukira mabotolo. Masana anti amawiritsa ena nkudzazanso. Ndinayesako ina ya mnzanga ya kabatani kodina pamwamba, yosavuta kuthira ndi dzanja limodzi inde, koma mkati mwa kabatanimo simutsukika ndipo imataya kutentha msanga, ine ayi. Fulasiki imeneyi m'nyumba muno aliyense akudziwa, simulowa tiyi, simulowa phala, abambo akunyumba anayesa kuitenga popita ku mpira ndinawalanda pa geti.

Ndipo chonde mu fulasiki mukhale MADZI okha. Ndinakwera minibasi ya ku Salima ndi mayi wina wa khanda, anatulutsa fulasiki nkuthira mkaka wopangapanga m'botolo, akuti anapanga mmawa kuti usazizire. Mtima unandipweteka, chifukwa mkaka wofunda wokhala maola ndi munda weniweni wa tizilombo, timaswana mofulumira pa kafundidwe kameneko. Ndinayesa kuwauza mwaulemu kuti asisi bola muzinyamula madzi pawokha, kaya anamva kaya anangondiona wamatama. Ine pa ulendo ndimatenga fulasiki ya madzi, botolo loyera lomanga kale, ufa woyeza kale mu kakontena kouma, ndi botolo la madzi ozizira ndi kakapu koziziritsira, kupanga pomwe mwana wafuna.

Lamulo lomwe limandiwawa mpaka lero ndi la maola 2. Mkaka ukapangidwa ukakhala maola 2 osamwedwa ndi wotaya, ndipo womwe mwana wayamwako nkusiya sumasungira nthawi ina poti malovu alowamo kale. Ndi mmene chitini chakwerera kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kutaya mamililita 60 mu sinki umamva ngati ukutaya magazi ako. Nzeru yomwe ndinapeza nkupanga wochepa, akamaliza akufunabe ndimapanga wina. Amati utha kupangiratu nkuziziritsa msanga nkusunga mu fuliji mkati kumbuyo osati pa chitseko, pa madigiri 5 kutsika pansi, mpaka maola 24, koma fuliji yomwe imakhala maola 8 yozima ine sindiikhulupirira, nde njira imeneyo ndinaisiya. Microwave nayo ayi, imatenthetsa mwa apo ndi apo botolo kunja lili bwino mkati muli malo owotcha.

Kudula kwa chitiniku kumabweretsa mayesero ena omwe tisanamizane timawadziwa. Kumapeto kwa mwezi chitini chikuoneka pansi, umaganiza zochotsako kasipuni kamodzi madzi akhale omwewo. Musatero amayi anzanga, mwana amakhuta madzi sikelo nkumatsika, ndipo madzi ochuluka mthupi mwa khanda ndi oopsa pawokha. Kuonjezera ufa kuti agone nthawi yaitali nakonso kumamumanga m'mimba nkumuumitsa thupi. Zothira phala m'botolo nkukuza bowo la titi ndi singano yamoto zomwe anandilangiza achemwali ena a ku tchalitchi ndinakana, mwana atha kutsamwa. Mkaka waufa wa mu tiyi uja si wa makanda olo utsike mtengo bwanji. Ndipo pogula onani deti pansi pa chitini, chophwanyika kapena cha dzimbiri chisiyeni, ine shopu ina mu tawuni inandigulitsa chotsala milungu 3 kuti chithe ntchito ndinazindikira ndili kunyumba, kubwerera anakana kusintha. Chikatsegulidwa zitini zambiri zimati chithe pa masabata 4, nde ndimalemba tsiku lotsegula pa chivindikiro ndi maka. Kasipuni kasamalowe konyowa.

Pa nkhani ya madzi sindichita nayo masewera chifukwa tonse tinaona kolera ya 2022 mpaka 2023 yomwe inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, m'matawuni momwemo. Madzi a pa mjigo kapena osunga mu ndowa timathira WaterGuard, ndi omwe timatsukira mabotolo, koma opangira mkaka amawiritsidwabe. Olo a m'botolo ogula ku shopu aja, wiritsani, poti nkhani ija ndi ya ufa.

Mwana anatsegulako m'mimba kamodzi ali ndi miyezi 3, nthawi ya jagi ija, sindinganene kuti chinayambitsa nchiyani. Liwombo linalowa pang'ono apongozi nkuyamba za mankhwala opaka pamutu, ine ndinangomubereka wa kuchipatala, anesi anati liwombo likalowa ndiye kuti madzi achepa mthupi, anatipatsa Thanzi ORS ndi zinc nkuti ndipitirize kuyamwitsa. Funso lawo loyamba linali lakuti mabotolo mumatsuka bwanji, ndipo anati kumene madzi ndi nkhuni zikuvuta bola kumwetsa ndi kakapu chifukwa kapu ilibe mokhota mobisala zoipa. Pano wakula tayamba kumuzoloweza kapu, mabotolo atsala a masana awiri, koma tiziwaphikabe mpaka akwanitse chaka.

Nde mukandifunsa mamakisi, steriliser ndiipatsa 3 pa 5. Imagwira ntchito yake, yandipulumutsa nthawi ndi makala, koma ndi ya anthu a magetsi odalirika, ndipo chomwe imachita poto amachitanso. Ndikanati ndigule ndi ndalama yanga sindikanagula, ndalama imeneyo ndikanagula fulasiki yabwino, mabulashi awiri, mabotolo oonjezera kuti ndiziphika kamodzi pa tsiku, paketi ya Milton ya pa ulendo, yotsalayo chitini. Fulasiki ya chitsulo ija 5 pa 5, ndingoidandaula kulemera mu chikwama basi.

Mng'ono wanga wa ku Area 25 ndi woyembekezera, wabwera kale kudzaiona steriliser nkuisisita ngati galimoto, ndamuuza kuti mwana akakwanitsa chaka adzatenge pamodzi ndi botolo la viniga. Anafunsanso za fulasiki. Ndamuuza akagule yake.